Ivan Pavlov ndi Agalu Ake

Munthu wanjala akamva fungo la ndiwo zili pamoto, m'kamwa mwake mumadzaza malovu chakudya chisanafike n'komwe pakamwa. Koma munthu yemweyo akakhuta, fungo lija silimuchititsanso dovu, ndipo ngati akudwala limangomupatsa nseru. Fungo n'limodzimodzi, mphuno n'zomwezo, chasintha ndi m'kati mwa thupi. Munthu amene adatha zaka zoposa 30 akufufuza zinthu zotere adali Ivan Petrovich Pavlov, katswiri wa sayansi wa m'dziko la Russia.

Ubwana wake

Ivan Pavlov adabadwa pa 26 Seputembala 1849 m'tauni ya Ryazan, mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Moscow. Bambo ake adali wansembe wa mpingo wa Orthodox, umene umalola ansembe ake kukhala pabanja. Ivan ndiye adali mwana wachisamba m'banja la ana ambiri. Bambo akewo adali ndi munda wa zipatso ndi ndiwo zamasamba, ndipo mnyamatayo adakula akuwathandiza kulima. Ntchito ya kumunda adaikonda mpaka ukalamba wake.

Akadali wamng'ono adagwa kuchokera pamwamba pa mpanda n'kufikira pamiyala. Adavulala kwambiri, kotero kuti adakhala nthawi yaitali ali wodwaladwala. Mkulu wina wa nyumba ya amonke pafupi ndi Ryazan adamutenga kukakhala naye, namuzoloweza kugwira ntchito zamanja ndi kuchita masewera olimbitsa thupi mpaka mphamvu zidabwerera. Chifukwa cha ngoziyo, Ivan adayamba sukulu ali ndi zaka 11.

Atamaliza sukulu ya mpingo adalowa seminale kuti adzakhale wansembe monga bambo ake. Kumeneko adawerenga mabuku onena za kagwiridwe ntchito ka thupi. Limodzi mwa mabukuwo lidali la Ivan Sechenov, amene ankaphunzitsa kuti zochita za munthu ndi za nyama zimayendetsedwa ndi ubongo pamodzi ndi mitsempha yonyamula mauthenga. Nkhaniyi idamukoka mtima mnyamatayo. Motero m'chaka cha 1870 adachoka kuseminale n'kupita ku yunivesite ya mumzinda wa St Petersburg.

Zaka za umphawi

Ku yunivesite Pavlov adaphunzira luso lochita opaleshoni kwa mphunzitsi wake, Ilya Tsion. Ngakhale adali wamanzere, adadzizoloweza kugwiritsa ntchito manja onse awiri, ndipo ankachita opaleshoni mofulumira ndi mwaukhondo. Adamaliza maphunziro akewo mu 1875 atalandira mendulo yagolide, kenaka adaphunziranso za udokotala.

Mu 1881 adakwatira Serafima Karchevskaya, mtsikana amene adaphunzira za uphunzitsi. Zaka zoyamba za banja lawo zidali zowawa. Ndalama zinkasowa, mwakuti nthawi zina mwamuna ndi mkazi ankakhala kosiyana, aliyense kwa achibale kapena kwa abwenzi. Mwana wawo woyamba adamwalira akadali wakhanda. Komabe Pavlov sadataye mtima. Kuyambira 1884 mpaka 1886 adakaphunzira ku Germany kwa akatswiri awiri otchuka, Rudolf Heidenhain ndi Carl Ludwig. Zinthu zidayamba kumuyendera mu 1890 pamene adakhala pulofesa, ndipo chaka chotsatira adapatsidwa udindo woyang'anira gawo lofufuza za thupi pa Institute of Experimental Medicine, malo atsopano ofufuzirako za mankhwala ku St Petersburg.

Zenera loonera m'mimba

Masiku amenewo kagayidwe ka chakudya kadali kosadziwika bwino, pakuti kudali kovuta kuona m'chifu cha nyama yamoyo. Pavlov ankakhulupirira kuti thupi limamveka bwino pamene nyama ili yamoyo, yathanzi ndiponso yosaopa kanthu. Tsono iye ankagoneka galu ndi mankhwala, n'kumuchita opaleshoni yotsegula kabowo kolowera m'chifu. Galuyo ankasamalidwa monga wodwala wa m'chipatala mpaka bala litapola. Pambuyo pake timadzi togaya chakudya tinkatuluka pakabowopo n'kudonthera m'kabotolo, m'mene tinkayezedwa.

Mu 1889 Pavlov ndi mayi wina wogwira naye ntchito, Ekaterina Shumova-Simanovskaya, adayesa chinthu chodabwitsa. Adatsegula mmero wa galu pakhosi, kotero kuti nyama imene galuyo ankameza inkagweranso m'mbale osafika m'mimba. Patapita mphindi pafupifupi 5, chifu chopanda kanthucho chidayamba kutulutsa timadzi togaya chakudya. Atadula mitsempha imene imachokera ku ubongo kupita kuchifu, timadzito tidaleka kutuluka. Apa zidaonekeratu kuti ubongo ndiwo umatumiza uthenga kuti chifu chikonzeke, chakudya chikadali m'kamwa.

Pa galu wina wotchedwa Druzhok, dzina lotanthauza kabwenzi, Pavlov adapatula kachigawo ka chifu kuti kakhale ngati kathumba, osadula mitsempha yake. Kathumbako kadali ngati zenera loonera zochitika m'mimba. Kudzera mwa Druzhok ndi agalu ena, adapeza kuti nyama, buledi ndi mkaka zimatulutsa timadzi tosiyana kuchuluka ndi mphamvu. Chifukwa cha ntchito imeneyi, mu 1904 adalandira mphoto ya Nobel ku Stockholm m'dziko la Sweden. Iye adali munthu woyamba wa ku Russia kulandira mphotoyo.

Chibadwa ndi chizolowezi

Pofufuza za m'mimba, Pavlov ndi ophunzira ake ankafufuzanso za malovu. Adaona kuti chakudya chouma chimatulutsa malovu ambiri kuposa chonyowa. Akaika timiyala tosalala m'kamwa mwa galu, galuyo ankangotilavula, malovu osatuluka kwenikweni. Koma akaikamo mchenga, malovu ankatuluka ambiri kuti autsuke. Palibe amene adaphunzitsa galu zimenezi. Iye amabadwa nazo, monga mmene diso limaphethirira likagweramo kachitsotso. Ichi n'chibadwa.

Koma padali chinthu china chimene chinkawasokoneza. Agalu amene adakhalitsa pamalopo ankayamba kuchucha malovu akangoona mbale, kapena akangomva mapazi a munthu wowapatsa chakudya. Mbale siikoma ndipo mapazi sadyedwa. Nanga malovuwo ankabwera bwanji? Ali ndi zaka zoposa 50 ndiponso atatchuka kale, Pavlov adaika pambali ntchito yake yakale kuti alondole funso limeneli.

Iye ankaboola kabowo kakang'ono patsaya la galu kuti malovu azituluka kunja kudzera m'kachubu, ndipo ankawerenga madontho ake. Ambiri amasimba kuti ankaliza belu, koma kawirikawiri ankagwiritsa ntchito kachipangizo kotchedwa metronome, kamene kamagunda ngati wotchi. Nthawi zina ankayatsa nyali kapena kukhudza khungu la galuyo. Tsiku loyamba kachipangizoko kakagunda, galu ankangotchera makutu, malovu osatuluka. Tsono ankati kakagunda, chakudya n'kubwera pomwepo, ndipo ankabwereza zimenezi kambirimbiri. Potsiriza kugunda kokhako kunkakwanira kutulutsa malovu. Galu adaphunzira kuti phokosolo ndi chizindikiro cha chakudya. Ichi n'chizolowezi.

Wophunzira wake wina, Tsitovich, adalera tiagalu ndi mkaka wokhawokha. Titakula adationetsa nyama, koma sitidachite nayo dovu. Titailawa kangapo m'pamene tidayamba kuchucha malovu poiona. Motero ngakhale dovu la galu poona nyama ndi lochita kuphunzira.

Chizolowezi chimathanso kuzilala. Kachipangizo kaja kakagunda kambirimbiri popanda chakudya, madontho ankachepa mpaka kutheratu. Koma galu akapuma, mawa lake madontho ena ankabweranso. Phunziro lija silidafufutike, lidangophimbika.

Ntchitoyi inkafuna bata lalikulu, chifukwa kaphokoso kalikonse kankasokoneza agalu. Pa chifukwa chimenechi adamanga nyumba ya makoma ochindikala yosalowa phokoso, ndipo woyesayo ankakhala kunja kwa chipinda cha galu. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pavlov ndi ophunzira ake adakhala zaka zambirimbiri akuwerenga madontho a malovu ndi kulemba chiwerengero chake m'mabuku.

Mawu a m'kati mwa thupi

M'mabukumo mudaoneka chinthu chachikulu. Phokoso lidali lomwelo tsiku ndi tsiku, koma madontho ankasiyana malinga ndi mmene thupi la galu lidalili. Galu wanjala ankaphunzira msanga ndipo ankatulutsa malovu ambiri. Galu wokhuta ankatulutsa ochepa, mwina osatulutsa n'komwe, ndipo kumuphunzitsa chizindikiro chatsopano kudali kovuta. Pavlov adafotokoza kuti mu ubongo muli mbali yoyang'anira za kudya, imene imagalamuka magazi akasowa chakudya ndipo imakhala chete mimba ikadzaza. Chizindikiro cha kunja chimagwira msanga pamene mbali imeneyi ili maso.

Njala siinali yokha. Galu wodwala kapena wa tulo ankachita ngati waiwala zonse. Galu wina adaleka kutulutsa malovu popanda chifukwa chooneka. Atamutulutsa panja adataya madzi ambiri, ndipo atabwerera chizolowezi chake chidabwereranso. Uthenga wochokera kuchikhodzodzo chodzaza udali utaposa uthenga wolowera m'makutu.

Adapezanso kuti thupi limasunga nthawi. Galu wina ankapatsidwa chakudya mphindi 30 zilizonse, popanda phokoso kapena nyali. Atazolowera, adamumana dala chakudyacho. Mphindi 30 zitakwana, malovu adayamba kutuluka okha. Galu alibe wotchi, koma kusinthasintha kwa m'thupi mwake kudamuuza kuti nthawi yakwana.

Dokotala wina, Krylov, ankabaya agalu jakisoni wa mankhwala otchedwa morphine. Mankhwalawa akalowa m'magazi, galu amachucha malovu, amasanza, kenaka amagona. Patapita masiku 5 kapena 6, agaluwo adayamba kuchita zonsezi pongoona dokotalayo akukonzekera kuwabaya. Apa padalibe chakudya chokoma ayi. Thupi lidalumikiza maonekedwe a jakisoni ndi nseru imene mankhwala ankabweretsa.

Wophunzira wina wa Pavlov, Konstantin Bykov, adapitiriza nkhaniyi pamodzi ndi anzake. Iwo adaonetsa kuti ngakhale impso zimatha kuzolowera. Galu akathiridwa madzi ambiri m'thupi, impso zimapanga mkodzo wambiri. Zimenezi zikachitika kawirikawiri pamalo amodzi, mkodzo umachuluka galu akangoimikidwa pamalopo, madzi asanathiridwe. Adaonetsanso kuti kukhudzika kwa m'kati mwa chifu kungathe kukhala chizindikiro, monga mmene phokoso lidakhalira. Motero ubongo umamvera mbali ziwiri: za kunja kudzera m'maso, m'makutu ndi m'mphuno, ndiponso za m'kati kuchokera kuchifu, kumatumbo, kumtima ndi kumagazi.

Nkhondo, njala ndi chigumula

Nkhondo yaikulu ya 1914 ndi kusintha kwa boma mu 1917 zidadzetsa mavuto aakulu ku Russia. Chakudya ndi nkhuni zidasowa, ndipo agalu ambiri a Pavlov adafa ndi njala. Iye mwini, ali ndi zaka pafupifupi 70, ankalima kadimba kuti banja lake lipeze chakudya. Mwana wake Viktor adamwalira mu 1919 ndi matenda a typhus, amene amafalitsidwa ndi nsabwe. Mu 1921 mtsogoleri wa dzikolo, Vladimir Lenin, adalamula kuti Pavlov apatsidwe zonse zofunika pa ntchito yake. Ngakhale zidali choncho, Pavlov sadaleke kudzudzula boma poyera pamene linkazunza anthu.

Pa 23 Seputembala 1924 mtsinje wa Neva udasefukira mumzindawo, umene pa nthawiyo unkatchedwa Leningrad. Madzi adalowa m'makola a agalu, ndipo antchito adawapulumutsa powasambitsa m'madzi ozizira mpaka kunyumba ina. Chigumula chitatha, agalu ena adapitiriza monga kale. Koma ena, makamaka amantha, adataya zizolowezi zimene adaziphunzira kwa miyezi yambiri, mpaka kukana chakudya. Mmodzi wa iwo atayambanso kupeza bwino, woyesa adathira timadzi pansi pa chitseko cha chipinda chake. Galuyo adanjenjemera, ndipo chizolowezi chake chidasokonekeranso. Pavlov adazindikira kuti mantha aakulu amasintha kaphunziridwe, ndiponso kuti agalu amasiyana mitima monga anthu. Ankapitanso kawirikawiri kuzipatala za odwala matenda a maganizo kukaona ngati zimene adapeza zingawathandize.

Masiku ake otsiriza

Pavlov adali munthu wosunga nthawi, wokonda ntchito ndiponso wosachedwa kupsa mtima, ngakhale mkwiyo wake sunkakhalitsa. Atakalamba ankakonda kukhala ku Koltushi, mudzi wa pafupi ndi Leningrad, kumene boma lidamumangira malo ena ofufuzirako. Ankalima maluwa ndi kusewera gorodki, masewera oponya ndodo kuti igwetse timitengo.

Ntchito yake idadzetsa zowawa ndi imfa kwa agalu ambiri, ndipo iye ankadziwa zimenezi. Mu 1935 adapempha kuti pabwalo la malo ake ogwirira ntchito aimikepo chipilala cha galu, kuthokoza nyama zimene zidathandiza anthu. Masiku ano mayiko ambiri ali ndi malamulo oteteza nyama zogwiritsidwa ntchito pofufuza. Pavlov adamwalira ndi chibayo pa 27 Febuluwale 1936 ali ndi zaka 86. Adaikidwa m'manda mumzinda womwewo, umene udabwerera ku dzina lake lakale la St Petersburg mu 1991.

Akatswiri a pambuyo pake adawonjezera pa zimene iye adapeza. Mu 1966 John Garcia ndi Robert Koelling a ku America adamwetsa makoswe madzi otsekemera, kenaka n'kuwadwalitsa m'mimba. Makoswewo atachira adakana madzi otsekemera aja. Koma sadaope nyali ndi phokoso zimene zidalipo pamene ankamwa. Thupi lidasankha lokha kuti kudwala kwa m'mimba kugwirizane ndi kakomedwe ka chinthu chomwedwa. Garcia adapezanso kuti phunziro lotere limagwira ngakhale kudwalako kutabwera patapita nthawi yaitali. N'chifukwa chake munthu amene adasanzapo atadya chakudya china amatha kudana nacho kwa zaka zambiri, ngakhale chimene chidamudwalitsa chidali malungo.

Nzeru zimenezi zimathandiza madokotala mpaka lero. Odwala ena olandira mankhwala amphamvu a khansa amayamba kumva nseru akangofika pachipatala n'kumva fungo lake, monga agalu a Krylov aja. Madokotala akadziwa gwero la nseruyo amayesetsa kuiletsa kuyambira tsiku loyamba, thupi lisanazolowere. Madontho a malovu amene Pavlov adawerenga moleza mtima adaonetsa kuti kuphunzira si ntchito ya maso ndi makutu okha ayi. Mimba, magazi, tulo ndi mantha nazonso zili ndi gawo lake.

Mawu ofunika kuwadziwa

chisamba: mwana woyamba kubadwa m'banja
dovu: malovu obwera chifukwa cholakalaka chakudya
chifu: thumba la m'mimba lolandira chakudya chikamezedwa
chibadwa: zimene thupi limachita popanda kuphunzitsidwa
chizolowezi: zimene thupi limachita litaziphunzira mobwerezabwereza
kuzilala: kuchepa mphamvu pang'onopang'ono
chigumula: madzi ambiri osefukira pamtunda

Mafunso

1. Kodi Ivan Pavlov adabadwira kuti, nanga adabadwa liti?
2. N'chifukwa chiyani adachedwa kuyamba sukulu?
3. Kodi Pavlov adadziwa bwanji kuti ubongo ndiwo umauza chifu kuti chikonzeke?
4. Adalandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito iti?
5. Fotokozani kusiyana kwa chibadwa ndi chizolowezi. Perekani chitsanzo chimodzi pa chilichonse.
6. Tchulani zinthu zitatu za m'kati mwa thupi zimene zinkasintha chiwerengero cha madontho a malovu.
7. Kodi chidachitika n'chiyani kwa agalu amantha chigumula cha 1924 chitatha?
8. Kodi mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha ukugwirizana bwanji ndi ntchito ya Pavlov?

Zochita

1. Pangani ziganizo zanuzanu pogwiritsa ntchito mawu awa: dovu, nseru, kuzilala, chizindikiro.
2. Kwa sabata imodzi, yang'anitsitsani chiweto cha kwanu, monga galu, nkhuku kapena mbuzi. Lembani chizindikiro chimene chimachiuza kuti chakudya chikubwera. Onaninso ngati chimachita chimodzimodzi chikakhala chokhuta.
3. Kambiranani m'magulu njira zabwino zosamalira nyama zimene zimathandiza anthu.